Vinyo wa Merlot atakumana ndi lilime la agogo kwa Kasakula

Botololo lidatuluka m'chikwama litakulungidwa m'juzi ngati khanda. Msuweni wanga, yemwe watha zaka zinayi akuperekera zakudya mulesitilanti ina ku Cape Town, adaliimika pampando pakhonde la agogo kwa Kasakula n'kuchenjeza ana kuti aliyense woligunda aona zakuda.

"Ameneyu ndi Merlot wa ku Stellenbosch," adatero. "Ndalama yake ikadagula kambuzi."

Mafoni adatuluka nthawi yomweyo. Anyamata atatu adasinthana kujambulitsa atanyamula botolo, wina mpaka adabwereka chipewa. Pomwe netiweki imagwira pamwamba pa chulu kuseri kwa khola, zithunzi zidali zitakwera kale pa WhatsApp. Palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa kuti kodi zam'katimo zikukoma bwanji.

Apa ndi pomwe pali dandaulo langa ndi ife achinyamata a masiku ano. Taphunzira kujambula botolo, koma kulawa sitidaphunzire. Timaweruza chakumwa ndi mtengo wake komanso chipepala chomata kunja, ndiye wogulitsa wochenjera akhoza kutigwiritsa chilichonse bola dzina likhale lovuta kutchula. Tsiku limenelo yemwe adaweruza vinyo uja moona adali mayi wa zaka zoposa 70 amene sadziwa kuti Stellenbosch ili mbali iti, koma wafulula masese kuyambira ali mtsikana.

Tisanafike kwa agogo, tiyeni timudziwe kaye Merlot. Si dzina la kampani monga ena amaganizira. Ndi mtundu wa mphesa, monga momwe tili ndi mtedza wa Chalimbana ndi CG7. Kwawo ndi ku Bordeaux m'dziko la France, komwe dzinali lidayamba kuoneka m'zolemba m'chaka cha 1784. Limachokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kambalame kakuda kokonda kujompha zipatso. Mphesa imeneyi imapsa msanga kuposa mnzake wotchuka uja Cabernet Sauvignon, khungu lake ndi lopyapyalako, ndipo vinyo wake amatsika mofewa kukhosi. N'chifukwa chake opanga vinyo amakonda kusakaniza awiriwa, wina abweretse mafupa, wina mnofu. Madera a Pomerol ndi Saint-Émilion ndiwo adamanga mbiri yawo pa Merlot. Munda wa Pétrus ku Pomerol ndi wa mahekitala pafupifupi 11 okha, padothi lamakande, koma botolo lake limodzi limagulidwa madola masauzande angapo.

Ku South Africa, komwe vinyo woyamba adafinyidwa pa 2 February 1659, lamulo limati ukalemba dzina la mphesa imodzi pabotolo, magawo 85 pa 100 alionse a vinyoyo akhale a mphesa imeneyo. Pakhosi pa botolo pamakhala kachidindo kotsimikiza kuti dera, chaka ndi mtundu wa mphesa zolembedwazo n'zoona. Dongosolo limeneli, la Wine of Origin, lidayamba mu 1973. Mukagula vinyo wa kumeneko wolembedwa chaka ndi dera koma kachidindoko palibe, yambani mwakayika.

Tsono msuweni adatsegula. Amalume, omwe ndi mkulu wa mpingo, adakoka mpando wawo n'kukakhala patsinde pa mango, ati azionera patali. Matambula a vinyo panalibe, tidagwiritsa ntchito magalasi atatu omwe amasungidwira alendo. Mnyamata wina adafuna kudzaza lake mpaka pakamwa, msuweni n'kumugwira dzanja.

"Aise, si Fanta ameneyu. Thira pang'ono, usafike ndi theka lomwe, fungo lipeze pokhala."

Adafuna kupatsira agogo poyamba, mwaulemu, koma iwo adakana. "Iwe, wabwera nawo ndiwe. Yamba ndiwe tione." Ndi mwambo wakale wa pamowa: mwini mtsuko amamwa chipanda choyamba kuti onse adziwe kuti mulibe choipa. Msuweni adaseka, ati kulesitilanti kwawonso katswiri wa vinyo, amene amamutcha sommelier, nthawi zina amalawa kaye botolo lodula lisanafike kwa kasitomala. Kusiyana kwake n'kwakuti uyo amavala tayi.

Kulawa vinyo kumayamba ndi maso. Umapendeketsa galasi pamwamba pa chinthu choyera, ife tidagwiritsa ntchito tsamba la kope la mwana wa sukulu. Merlot wa zaka zochepa amakhala wofiira moderako pakati, m'mphepete mwake mukuoneka kamtundu ka jambula wakupsa. Akamakalamba m'mphepetemo mumasanduka ngati njerwa yootcha. Wathuyu adali wa zaka zitatu zokha, koma m'mphepete mudali mutayamba kale kunjerwa. Msuweni adakhala chete kanthawi. Ine sindidatolepo kanthu nthawi imeneyo.

Kenako mphuno. Umazunguza galasi kuti vinyo akumane ndi mpweya, n'kulowetsa mphuno osachita manyazi. Zambiri zomwe timati kukoma kwenikweni ndi fungo. N'chifukwa chake ukadwala chimfine ngakhale nkhuku yachikuda imangomveka ngati chigamba. Mabuku a azungu amati Merlot wabwino amanunkhira ma plum, matcheri akuda, nthawi zina chokoleti ndi vanila zochokera kumigolo ya mtengo wa oak momwe amamusungira. Chabwino. Koma mwana wa kwa Kasakula tcheri wakuda adamuonera kuti? Ukamuuza kuti afunefune fungo la chipatso chomwe sadachidyepo, amangovomera kuti asaoneke wotsalira, basi bodza layambika.

Agogo sadawerenge mabukuwo. Adanunkhiza kamodzi, kawiri, n'kunena kuti akumva jambula, koma osati wothyola kumene. "Uyu ndi jambula woti wagwa pansi, dzuwa lamuwamba masiku awiri." Adanunkhizanso. "Mulinso kafungo ka chigafa." Chigafa ndi kumene amayanikako fodya. Fungo la tsamba la fodya wouma ndi limodzi mwa mafungo omwe akatswiri amatchula pa vinyo wa ku Bordeaux, ndipo amalipira sukulu kuti alizindikire. Kuno ku Ntchisi ndi Dowa mwana amabadwira m'fungo limenelo.

Pakamwa ndiye pamagona mlandu wonse. Umamwa pang'ono, kuyendetsa m'kamwa monse, osathamangira kumeza. Ukufufuza zinthu zingapo nthawi imodzi. Kuwawasa, kuja kumakudzadza malovu ngati walawa bwemba. Khambi, kuja kumaumitsa nkhama ngati waluma nthochi yosapsa kapena wamwa tiyi wowirira wopanda mkaka. Khambi ameneyu amachokera kumakungu ndi njere za mphesa, ndipo mwa Merlot wabwino amayenera kukhala wosalala, osati wokanda. Palinso kutentha kwa mowa weniweniwo, womwe mwa vinyo wotere umakhala pakati pa 13 ndi 15 peresenti, kuposa kawiri mphamvu ya Carlsberg Green. Vinyo wabwino ndi amene zonsezi zagwirizana, palibe chokuwa kuposa chinzake. Ukameza, werenga m'mtima kuti kukomako kukhala nthawi yaitali bwanji. Wotchipa amazimirira usanaike galasi pansi. Wapamwamba amakutsatira mpaka pomwe mnzako wamaliza chiganizo.

Agogo adayendetsa m'kamwa, kumeza, n'kuyang'ana kumapiri ngati akumvetsera wailesi yakutali.

"Amene adafulula mowa uwu amadziwa ntchito," adatero. "Sukukanda pakhosi. Koma mwana iwe, mowawu watopa. Waugoneka potentha."

Anyamata aja adaphulika kuseka, ati agogo azolowera masese, za ku Cape Town sangazimvetse. Msuweni sadaseke. Adatola chotsekera chija pansi n'kutionetsa mzere wofiira womwe udakwera m'mbali mwake mpaka pamwamba. Adaulula kuti potsegula adachipeza chitatukuka pang'ono. Vinyo akatenthedwa amafufuma, amakankha chotsekera, mpweya n'kulowa. Zipatso zomwe zimayenera kumveka zatsopano zimamveka zophika, mtundu n'kuyamba kunjerwa nthawi isanakwane.

Taganizani ulendo womwe botololo lidayenda. Cape Town mpaka Johannesburg, kenako Beitbridge, Nyamapanda, kudutsa Tete, kudzalowera ku Dedza. Ndi makilomita oposa 3 000, chikwama chili kunsi kwa basi pamwamba pa tala wotentha, maola ambirimbiri pamzere wa pachipata. Ku Tete miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, pomwe vinyo amafuna kusungidwa pa madigiri 12 mpaka 15. Juzi ija idateteza botolo kuti lisasweke, koma idalephera kuteteza zam'kati. Kambuzi kaja kadapsera panjira.

Nkhani imeneyi ikukhudzanso inu amene mumagula m'tauni. Botolo lomwe laima miyezi pashelefu yoyang'ana dzuwa, m'sitolo ya malata yopanda siling'i, likukumana ndi Tete wakewake. Mtengo sutsika chifukwa vinyo wapsa. Yang'anani ngati chotsekera chatukuka kapena pakhosi pali zomatamata. Mukafika nalo kunyumba musaliike pawindo kuti alendo alione. Ndipo zija amati vinyo wofiira amamwedwa mosaziziritsa adanenera nyumba za ku Ulaya. Iye amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, ndiye kuno muikeni mufiriji mphindi 20, kapena mumtsuko wa madzi ngati Escom yachita zake.

Chomwe chidandikhudza n'chakuti anyamata aja adali atayamba kale kuyamikira. "Eeh, koma ndiye ndi nyatwa!" Adali kuyamikira mtengo. Musawaseke kwambiri, chifukwa matendawa ndi a dziko lonse. Mu 2001, ofufuza ku yunivesite ya Bordeaux adapatsa ophunzira za vinyo 54 vinyo woyera yemwe adamuthira utoto wofiira wopanda fungo. Ophunzirawo adamufotokoza ndi mawu a vinyo wofiira. Ku Chile alimi adakhala zaka zambiri akugulitsa mphesa ina ngati Merlot, mpaka mu 1994 katswiri wa ku France, Jean-Michel Boursiquot, adazindikira kuti idali Carménère. Ndipo filimu ya Sideways ya mu 2004, momwe mpangankhani adanyoza Merlot, idachititsa anthu ambiri ku America kuyamba kumupewa ngakhale kukoma kwake kudali komwe kuja. Maso ndi makutu zimanamiza lilime. Agogo sadawerenge chipepala, sadamve kuti Stellenbosch n'kotchuka, ndiye padalibe chowasokoneza.

Wina anena kuti zonsezi ndi za anthu okhuta, kwa Kasakula anthu akulira feteleza. Zoona. Koma lilime lophunzitsidwa ndi ntchito yolipidwa. Anyamata anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, adathawira ku South Africa chuma cha kwawo chitagwa, monga momwe abale athu amapitira ku Joni. Dhafana adayamba ndi ntchito ya m'dimba. Adaphunzira vinyo ali kale akuluakulu, n'kukhala ma sommelier m'malesitilanti apamwamba. Mu 2017 adakaimira Zimbabwe pampikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo ku Burgundy, France. Chaka choyambacho adathera kumchira, chotsatira adakwera ndithu. Nkhani yawo ili mufilimu ya Blind Ambition ya mu 2021, ndipo lero Nyamudoka ali ndi vinyo wakewake wotchedwa Kumusha, Dhafana ali ndi Mosi. Amalawi angati akutsuka matambula m'malesitilanti omwewo osadziwa kuti Cape Wine Academy, yomwe idayamba mu 1979, ili pafupi pomwepo? Msuweni wanga akuti akuganiza zolembetsa. Ndidamuuza kuti asiye kuganiza.

Luso lomweli limafunikanso kuno kwathu. Khofi, yemwe amalimidwanso m'mapiri a Ntchisi, mtengo wake pamsika wa kunja umadalira anthu olawa ndi kupereka mapointi. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amalawidwa asanagulitsidwe pa okushoni ku Limbe. Ku Lilongwe, Linga amapanga vinyo kuchokera ku zipatso zathu zomwe, monga jambula, magwafa ndi chidede. Amene angaweruze zinthu zimenezi m'mawu oti mlimi amve ndi amene adakula akudya masuku, maula ndi mateme, bola aphunzire kutchula zomwe lilime lake likumuuza.

Ndinene mosabisa: olawa vinyo pantchito amalavula. Munthu amene akulawa mabotolo 30 patsiku atati azimeza sangafike nkhomaliro. Kulawa ndi kuledzera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ife amene tidaona momwe masacheti adapululira anzathu asanaletsedwe sitifunika kuuzidwa kawiri. Botolo la mamililita 750 lija tidagawana anthu asanu ndi awiri, ana osakwana zaka 18 adangonunkhiza fungo la nyama ya mbuzi yomwe inkawotchedwa. Ndi nyamayo, kunena zoona, vinyo wotopa uja adadzukako pang'ono, chifukwa mafuta amafewetsa khambi.

Dzuwa likulowa, msuweni adatsala akuzunguza kotsalira m'galasi, nkhope ili gwa. Agogo adamuyang'ana n'kumufunsa kuti abweranso liti.

"Mwina June, agogo."

"Eya, nthawi yozizira imeneyo. Ukabwere naye wina, koma umunyamule pamiyendo ngati mwana, osati kunsi kwa basi. Ndikufuna ndimumve asanatope."

Kenako adatuma mdzukulu kuti akatsuke botolo lija. Ati ndi labwino kusungiramo mafuta ophikira.