Kompyuta ikachita ulesi, tsache lili m'nyumba momwemo

KALOMWE, Angónia. Pa chipata cha malire cha Kalomwe, pomwe msewu wochokera ku Vila Ulónguè umawolokera ku Dedza, sipadutsa malole, mbatatesi ndi kabichi zokha ayi. Pamadutsanso makompyuta. Ena amabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, ena amagulidwa ku Lilongwe, ndipo enanso amakwera chapa kuchokera ku mzinda wa Tete. Ambiri mwa makinawa adagwirapo kale ntchito kwina, ndipo mwini wake watsopano sadziwa kuti adutsa m'manja angati asadafike m'nyumba mwake.

Miyezi yoyambirira zonse zimayenda bwino. Mphunzitsi amalembamo mayeso ndi mapointi a ana, mlembi wa bungwe la alimi amasungamo maina a amene adatenga feteleza pangongole, ndipo mnyamata wophunzira zaulimi ku UniZambeze ya ku Ulónguè amalembamo ntchito yake yomalizira maphunziro. Kenaka ulesi umayamba. Kompyuta ija imachedwa kuyaka, mwakuti munthu angathe kutereka madzi a tiyi n'kuwira iyo isadakonzeke. Apa ndi pamene alangizi amachuluka. Wina amati ikufunika kusesedwa, wina amati mafayilo abalalika, ndipo sipalephera kupezeka mnyamata wa fulashi m'thumba amene ali ndi pulogalamu yomwe akuti imachiza zonse.

Funso lomwe owerenga ambiri ali nalo ndi lakuti asankhe pulogalamu iti. Yankho lathu mwina likhumudwitsa ogulitsa: pa makompyuta ambiri a m'nyumba zathu, zida zosesera ndi zosonkhanitsira mafayilo zilimo kale mu Windows, ndipo sizifuna metikali ngakhale imodzi kapena mamega a intaneti. Koma tisadafike kumeneko, tiyambe tamvetsa matendawo.

Kubalalika kwa mafayilo

M'makompyuta akale muli disiki yotchedwa HDD. M'kati mwake muli mbale yachitsulo kapena yagalasi imene imazungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake pamayenda kamkono kowerenga, monga ija singano ya galamafoni imene akuluakulu akuikumbukira. Disiki ikakhala yatsopano, fayilo iliyonse imalembedwa pamalo amodzi. Koma tikamafufuta izi n'kulemba izo, pamatsala mipata ing'onoing'ono apa ndi apo, ndipo fayilo yaikulu ikabwera imadulidwa zidutswa kuti ikwane m'mipatamo.

Tiyerekeze mlimi amene nkhokwe yake idadzaza, nasungitsa thumba limodzi kwa malume ake, awiri kwa mlamu wake kutsidya kwa dambo, lina kwa apongozi. Chimanga chilipo chonse, palibe chabedwa, koma tsiku lopita kuchigayo amatha m'mawa wonse akuzungulira mudzi. Kamkono kaja kamavutika chimodzimodzi. Ntchito imene Apwitikizi amaitcha desfragmentar ndiyo kutolera matumba aja kuti akhale pakhonde limodzi.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1993 kampani ya Microsoft idaika chida chotchedwa Defrag mu MS-DOS 6.0, ndipo amene adagwirapo Windows 95 ndi 98 m'maofesi akukumbukira timabokosi tamitundumitundu tomwe tinkasuntha pagalasi kwa maola, anthu ali chete kuyang'ana ngati akuonera mpira. Nthawi imeneyo munthu ankayenera kukumbukira yekha kuchita zimenezi. Kuyambira pa Windows Vista, imene idafika m'masitolo mu 2007, makina amadzichitira okha sabata iliyonse. Choncho munthu amene akukugulitsani pulogalamu yosonkhanitsira mafayilo lero akukugulitsani madzi muli m'mbali mwa mtsinje.

Pali chimodzi chokha chofunika kuchiyang'ana kuno kwathu. Windows imachita ntchitoyi pamene kompyuta ili yoyaka koma palibe akuigwiritsa. Ife ambiri timayatsa, kulemba msangamsanga, n'kuzimitsa poopa kutha kwa Credelec kapena batire ya sola, ndipo mpata umenewo supezeka. Ngati ndi choncho, ichiteni ndi manja kamodzi pamwezi. Dinani batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi R, lembani dfrgui, n'kudina Enter. Mawu amenewa ndi amodzimodzi kaya makina anu amalankhula Chipwitikizi chifukwa adachokera ku Maputo, kaya Chingerezi chifukwa adawoloka ku Dedza.

Yambani mwadziwa disiki yanu

Pawindo lomwe litseguke, ngati muli ndi Windows 8, 10 kapena 11, muona palembedwa mtundu wa disiki yanu. Apa m'pofunika kuwerenga mosathamanga, chifukwa makompyuta ambiri a zaka zaposachedwa alibenso mbale yozungulira ija. Ali ndi SSD, imene imasunga zinthu m'timatchipi monga fulashi kapena memori khadi ya foni. Mu SSD mulibe kamkono koyenda, ndiye kaya fayilo ili pamodzi kaya ili zidutswa makumi awiri, kusiyana kwa liwiro lake n'kochepa kwambiri. Kuonjezera apo, timatchipito tili ndi malire a kulembedwa, ndipo kumangosunthasuntha mafayilo popanda chifukwa ndi kudya moyo wake pachabe.

Windows ikuzidziwa izi. Kuyambira pa Windows 7 ya mu 2009 imagwiritsa lamulo lotchedwa TRIM, lomwe limauza SSD malo amene afufutidwa kuti iwakonzeretu. Mukadina Otimizar, kapena Optimize pa makina a Chingerezi, imachita choyenera mtundu wa disiki imene yapeza. Choopsa ndi mapulogalamu akalekale oyenda m'mafulashi, olembedwa SSD isadafale, omwe amaitenga ngati mbale wamba n'kuitembenuza usiku wonse.

Kusesa

Ntchito yachiwiri ndi kuchotsa zinyalala: mafayilo osakhalitsa amene mapulogalamu amasiya, zotsalira za kukonzanso kwa Windows, ndi zomwe zili m'bini. Chida chake chidabwera ndi Windows 98 ndipo chilipobe. M'Chipwitikizi ndi Limpeza de Disco, m'Chingerezi Disk Cleanup, ndipo njira yachidule ndi kulemba cleanmgr pamalo aja mudalemba dfrgui. Pa Windows 10 ndi 11 palinso Sensor de Armazenamento, kapena Storage Sense, imene imasesa yokha ikayatsidwa.

Musadadine kuti zichoke, werengani mndandandawo umodzi umodzi. Tikudziwa kuti alipo anthu amene amasunga makalata ofunika m'bini, ngati kuti ndi kabati. Enanso zithunzi zonse za ukwati ndi za chinkhoswe zomwe adalandira pa WhatsApp zimakhala mu foda ya Transferências, kapena Downloads, osasunthidwa. Tsache silidziwa kuti ichi n'chaukwati.

Pa mapulogalamu ochokera kunja kwa Windows, dzina lodziwika kwambiri m'mabaraka okopera nyimbo ndi CCleaner, yopangidwa ndi kampani ya Piriform ya ku London. Kunena zoona, imasesa ndithu, ndipo kwa zaka zambiri amisiri ankaikonda. Koma mbiri yake ili ndi phunziro. Mu Julaye 2017 kampani ya Avast idagula Piriform, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho zidaululika kuti akuba a pa intaneti adalowetsa kachilombo mu CCleaner 5.33, imene anthu ankaitenga pa tsamba lenileni la kampaniyo. Makompyuta okwana 2.27 miliyoni adalandira mtundu wodwalawo. Vutolo lidakonzedwa, koma taganizani: ngati za pa tsamba la eni ake zidatha kuipitsidwa, nanga kope yomwe yayenda m'mafulashi khumi kuchokera ku Lizulu mpaka kuno, yomwe wina adaithyola loko kuti isafune malipiro? Mu 2020 Microsoft Defender idayambanso kuchenjeza za CCleaner yaulere kwa kanthawi, chifukwa poiika inkabwera ndi mapulogalamu ena amene munthu sadawapemphe.

Amene akufunitsitsa chida china kupatula cha Windows angayese BleachBit, yaulere, yopanda zotsatsa malonda, ndipo aliyense wodziwa angathe kuona momwe idalembedwera. Koma nayonso ndi nkhwangwa yakuthwa. Mapulogalamu onse a mtundu uwu amatha kufufuta zimene Chrome kapena Firefox imakumbukira, ndipo mawa lake Facebook ndi imelo zimafunsanso mawu achinsinsi. Kuno kumalire, kumene munthu amasintha pakati pa Movitel, Vodacom, TNM ndi Airtel malinga ndi kumene netiweki yagwira, nambala imene adatsegulira akaunti ija mwina idatayika kalekale. Uthenga wotsimikizira umapita ku khadi imene ili pansi pa dambo, ndipo akaunti yapita.

Gawo lina lomwe tikulangiza kuti mulisiye ndi lotsuka registry, lomwe ndi buku lalikulu momwe Windows imalembamo makonzedwe ake onse. Mapulogalamu osesa amakonda kuonetsa kuti apeza zolakwa mazanamazana m'menemo, ndi zilembo zofiira zoopseza. Zambiri mwa izo ndi mizere yakale yosavulaza kanthu, ndipo kuichotsa sikuonjezera liwiro loti munthu n'kulimva. Koma mzere umodzi wofunika ukachoka, pulinta imaleka kugwira, mwinanso makina osayaka n'komwe. Microsoft yeniyeni idalengeza poyera kuti siivomereza zida zotsukira registry.

Kuopseza anthu ndi zilembo zofiira ndi malonda akale. Ku America, mu 2019, sitolo yaikulu ya Office Depot idavomera kulipira madola 25 miliyoni, ndipo kampani ya Support.com madola 10 miliyoni, boma litawaimba mlandu wakuti pulogalamu yawo yopimira makompyuta inkauza makasitomala kuti yapeza zizindikiro za kachilombo pofuna kuwagulitsa ntchito yokonza. Ngati zidachitika m'sitolo ya zitseko zagalasi, uthenga wongotulukira pagalasi panu wonena kuti kompyuta yanu ili pangozi, dinani apa, muuone ngati munthu wogulitsa mankhwala ochiza matenda onse pa siteji ya basi.

Mwina vuto si zinyalala

Tinene mosabisa: makompyuta ambiri aulesi amene timawaona sachira ndi tsache. Choyamba, amakhala ndi memori ya RAM yochepa, magigabayiti 2 kapena 4, pamene Chrome yokha ndi masamba asanu otsegula imadya gawo lalikulu. Chachiwiri, mapulogalamu ambiri amadziyatsa okha makina akamayaka. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Arranque kapena Startup, muzimitse zomwe simuzifuna m'mawa uliwonse. Nthawi zambiri mupezamo mapulogalamu osesa awiri kapena atatu, aliyense akulondera mnzake.

Chachitatu ndi tizilombo ta m'mafulashi, makamaka kaja kamene kamabisa mafoda n'kusiya tizithunzi ta mivi m'malo mwake. Aliyense amene adakasindikizitsapo kalata kubaraka akukadziwa. Kameneka sikachoka ndi kusesa, kamafuna Microsoft Defender yolandira zatsopano. Apa pali vuto lina: Microsoft idasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chisamaliro chanthawi zonse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025. Makina ambiri owoloka malire ali ndi ziwirizi.

Chachinayi ndi fumbi lenileni, osati la m'mafayilo. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, mphepo ya kuno ku mapiri imalowetsa fumbi paliponse. Likatseka mpweya wa fani, purosesa imatentha n'kudzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Laputopu yoikidwa pa bulangete nthawi ya chisanu cha Juni imavutika chimodzimodzi, ngakhale mwini wake akunjenjemera.

Ndipo chomaliza, chimene chili choopsa kuposa zonse: disiki imene ikufa. Ngati mukumva kulira kwa thi thi thi m'kati, ngati mafayilo ena akukana kutseguka, kapena makina akuuma mukamakopera, musayerekeze kusonkhanitsa mafayilo. Ntchito imeneyi imayendetsa kamkono kaja kwa maola osapuma, ndipo disiki yodwala ingathe kuthera pomwepo ndi zonse zili m'mimba mwake. Kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo kamawerenga zomwe disiki imanena za thanzi lake. Kakaonetsa chikasu kapena chofiira, koperani zanu tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati mwafufuta fayilo mwangozi ndipo mukufuna tekiniko ayese kuibweza: musasese, musasonkhanitse, zimitsani makinawo, chifukwa chilichonse cholembedwa pambuyo pake chingagwere pamalo pomwe fayiloyo idali.

Kwa amene ali ndi kangachepe atagulitsa mbatatesi kapena fodya, ndalama imene ikadapita ku pulogalamu yolipira chaka ndi chaka ndi bwino ipite ku SSD. Malaputopu ambiri akale amalandira SSD ya mainchesi 2.5 pamalo pomwe padali HDD, ndipo kusintha kwake kumaoneka tsiku loyamba lomwe. Disiki yakale ija, ngati ili yamoyo, iikidwe m'kabokosi ka USB, isanduke mosungira kope yachiwiri ya mayeso, maina a angongole ndi zithunzi za ana.

Otsala ndi HDD asiye malo opanda kanthu pa disiki. Windows XP inkafuna magawo 15 pa 100 aliwonse kuti isonkhanitse bwino, ndipo muyezo umenewo ndi wothandizabe. Koperani zofunika pa fulashi yoyera, sesani ndi cleanmgr, kenaka dfrgui. Ngati ndi kompyuta ya patebulo yopanda batire, sankhani tsiku lopanda mitambo ya mabingu, ndipo yang'anani kaye mayunitsi otsala pa mita ya Credelec.