Duwa lofiira lidandichititsa manyazi pamaso pa akuchimuna

Abale anzanga, safunsa adadya phula. Ine phulalo ndidalidya mu Okutobala 2023, ndipo mpaka lero anthu a ku Nambuma akandiona amayamba kaye aseka, moni n'kubwera pambuyo.

Nkhani yake idayenda motere. Chaka chimenecho fodya adandikomera mtima, ndiye nditachoka ku okushoni ku Kanengo ndidagula foni ya kamera yamphamvu. Kufika kwathu ku Nsaru ndidayamba kujambula chilichonse: mbuzi, ngolo, ana, ngakhale agogo akuswa mtedza pakhonde. Tsiku lomwe komiti ya ukwati wa mlongo wanga idakhala pansi kukambirana za makadi oitanira anthu, ine dzanja m'mwamba.

"Za makadizo ndisiyireni. Ndijambula ndekha duwa lofiira loti likhale pamwamba pa khadi, osati zotola pa intaneti zomwe aliyense ali nazo."

Kunena zoona, duwa ndinali ndisadalijambulepo chibadwire. Ife alimi a fodya duwa timaliona ngati mdani. Likangotuluka pamutu pa fodya timalithyola msanga kuti mphamvu ipite ku masamba. Nanga ndani adaimapo n'kumaliyang'anitsitsa?

Ndidasankha hibiscus wofiira wa pabwalo la tchalitchi chathu. Ndidadikira dala mpaka 12 koloko, dzuwa lili paliwombo, poganiza kuti kuwala kukachuluka chithunzi chimatuluka bwino. Foni ndidaikankhira pafupi mpaka kutsala pang'ono kukhudza duwalo, n'kudina katatu. Dzuwa lidali kuthobwa m'maso moti chomwe chatuluka sindidachione bwino, komanso mtima udali kale ku tauni. M'mawa mwake ndidakwera minibasi n'kukasindikiza makadi 150.

Pa msonkhano wotsatira akuchimuna adabwera kuchokera ku Nambuma. Mlongo wake wa mkwati adatenga khadi limodzi, kulitembenuza uku ndi uku, kenako n'kufunsa mwaulemu wake wonse:

"Alamu, pepanitu, kodi chimenechi ndi chiwindi cha ng'ombe?"

Nyumba yonse idafa nacho chiseko. Ndipo mayiyo sadaname. Pa khadipo padali chibuluma chofiira psuu, chopanda mitsempha, chopanda m'mphepete, chopanda chilichonse chosonyeza kuti ndi duwa. Amalume, omwe adali ankhoswe, okha sadaseke.

"Mphwanga, ndalama ija idali ya anthu. Kwatsala masabata atatu. Uona wekha chochita."

Mnzanga wina ndiye adandilozera kwa madala ena a pa Namitete, omwe m'zaka za m'ma 1990 ankayenda pa njinga kamera ya filimu ili m'khosi, kujambula maukwati ndi maubatizo kuyambira ku Mpingu mpaka ku Kabudula. Ndidawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango. Khadi lija adaliyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, udajambula nthawi yanji?"

"Masana, bambo, kuti chiwale bwino."

"Ndiye walipha ndi dzuwa. Duwa lofiira ndi lowala kale, iwe ukuliwonjezeranso moto. Ife filimu imodzi inkakhala ndi zithunzi 36 basi, ndipo kuti uone zomwe wajambula unkayenera kukatsukitsa ku Lilongwe. Kudina kulikonse idali ndalama, ndiye tinkayamba tayang'ana kuwala tisadayang'ane munthu. Inu a mafoni mumangodina ngati mukuthamangitsidwa."

Zomwe madalawo ankazidziwa ndi maso, ine ndidazimvetsa pambuyo pake. Kamera ya foni imalemba mitundu itatu yokha: wofiira, wobiriwira ndi wa buluu, ndipo mitundu ina yonse imachokera posakaniza itatuyi. Mtundu uliwonse uli ngati ndowa yake. Duwa lofiira likakhala padzuwa lakuthwa, ndowa ya zofiira imadzaza n'kusefukira, ndipo tizinthu ting'onoting'ono ta pa duwalo timamira momwemo. Choipitsitsa n'chakuti kamera ikaona masamba akuda bii kumbuyo imaganiza kuti malowo ndi amdima, ndiye imalowetsa kuwala kwina. Pamwamba pa apo mafoni ambiri amakoleza mitundu mwadala kuti chithunzi chikope maso. Maluwa achikasu nawo vuto lake ndi lomweli, chifukwa chikasu chimadzaza ndowa ziwiri nthawi imodzi, yofiira ndi yobiriwira.

Madalawo adandiuza kuti ndisathamangire hibiscus, ndikayambe ndaphunzira pa chiluwe cha maungu ku dimba. Ati chiluwe ndi mphunzitsi wabwino chifukwa chimatseguka m'mamawa, dzuwa likakwera n'kufota, ndiye waulesi sachipeza.

Sabata yathunthu 5 koloko inkandipeza ku dimba. Chinthu choyamba chomwe ndidaona n'chakuti dzuwa lisadatuluke bwino, kapena likabisala mu mtambo, mitsempha ya duwa imaoneka yonse. Nthawi imeneyo mphepo nayo imakhala isadadzuke. Musaipeputse mphepo. Ukayandikira kwambiri, kagwedezeke kakang'ono ka duwa kamasanduka chimbuuzi pa chithunzi chonse.

Chachiwiri ndi chala. Ukagunda duwa pa galasi la foni, pa mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa kapena kamzere. Ukakakokera pansi pang'ono chithunzi chimaderako, koma mtundu wa duwa umabwerera m'malo mwake. Pa makamera enieni pali batani la + ndi -, ndipo kutsitsa mpaka -1 nthawi zambiri kumakwanira. Chithunzi choderako ukhoza kuchiwalitsa pambuyo pake, koma chomwe chidapsa ndi dzuwa ndiye chapita.

Chachitatu ndi mtunda. Diso la foni lili ngati la munthu: bweretsani chala pamphuno muone ngati muchione bwino. Mafoni ambiri salunjika chinthu chomwe chili pafupi kuposa masentimita 10 kapena chapompo, pokhapokha akhale ndi macro, yomwe chizindikiro chake chimakhala kaduwa. Ndi bwino kubwerera m'mbuyo pang'ono, kujambula chooneka bwino, n'kudula m'mbali pambuyo pake. Zigongono uzitsamiritse pa mawondo, ugwire mpweya, ndiye udine. Flash ayi ndithu, imayeretsa duwa ngati lathiridwa ufa. Ndipo galasi la kamera lipukuteni ndi kansalu kofewa, poti foni zathuzi zimagona m'thumba limodzi ndi mtedza wokazinga.

Chachinayi ndi zakumbuyo. Chithunzi changa china chokongola chidaonongeka chifukwa kumbuyo kudali chigubu chachikasu chothirira ndiwo. Ndidaphunzira kugwada, kufika pa msinkhu wa duwalo, n'kusuntha mpaka kumbuyo kutatsala masamba okhaokha kapena mthunzi.

Tsiku lobwerera kwa hibiscus uja ndidatenga mwana wa achemwali kuti azindigwirira nsalu yoyera pamwamba pa duwa, dzuwa lizidutsa mu nsaluyo lisadafike pa duwalo. Pansi tidaika pepala loyera kuti libweze kuwala pang'ono m'kati mwa duwa. Amayi ena omwe ankasesa pabwalopo adaima n'kumatiyang'ana.

"Kodi achimwene, duwalo ladwala?"

Ndidajambula zithunzi 40, n'kusankhapo chimodzi nditakhala m'nyumba, osati padzuwa. Ulendo uno ndidasindikiza kaye khadi limodzi loyesera, chifukwa pepala silionetsa kufiira momwe galasi la foni limaonetsera. Ndalama yosindikizira kachiwiri idatuluka m'thumba mwanga, ndipo mbuzi imodzi idapita nazo.

Makadi adafika pa nthawi yake. Alamu anga aja adalandira lawo, kuliyang'anitsitsa, n'kuloza ndi chala kanthete ka pakati pa duwa komwe ufa wachikasu unkaoneka kambewu kamodzikamodzi.

"Apa ndiye mwajambula duwa, alamu. Koma khadi la chiwindi lija ndidasunga, ana anu adzalione."

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsopano mwezi wa Meyi ukafika, deliya atachita chikasu m'mbali mwa msewu wa ku Kabudula, mukaona munthu atagwada mu udzu m'mamawa foni ili m'manja, musaitane anthu. Ndine ndemwe, ndikudikira mphepo ileke.