Ukwati Wopanda Ankhoswe: Sewero la Romeo ndi Juliet

Lero tikambirana za sewero lotchuka la Romeo ndi Juliet, limene William Shakespeare, mlembi wa ku Mangalande, analemba cha m'ma 1595 ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1597. Ophunzira ambiri a m'sukulu za sekondale m'dziko muno analiŵerengapo m'Chingerezi, ndipo Stanley Onjezani Kenani analimasulira m'Chichewa.

Nkhani yake inachitikira mumzinda wa Verona ku Italy, kumene mabanja aŵiri olemera, la Montague ndi la Capulet, anali pa chidani chakalekale. Chodabwitsa n'chakuti m'sewero lonse palibe amene akutchula chimene chinayambitsa udaniwo. Romeo wa kwa Montague anakomana ndi Juliet wa kwa Capulet paphwando, ndipo m'maŵa mwake anamangitsa ukwati mobisa pamaso pa wansembe Laurence. Kupatula wansembeyo, wamkulu yekha amene anadziŵa za ukwatiwo anali mayi amene analera Juliet.

Taganizirani mmene ukwati umayendera kwa Chowe m'boma la Mangochi, ngakhalenso m'midzi yambiri ya Ayao ndi Anyanja kummwera kwa nyanja. Mnyamata akapeza mbeta amauza atsibweni ake, ndipo iwo amapita kukaonana ndi mwinimbumba wa kuchikazi. Mbali iliyonse imasankha nkhoswe yake. Tsiku limene m'banjamo mwabuka mlandu, ankhoswe aŵiriwo ndiwo amakhala pansi. Motero ukwati umakhala ndi mboni, ndiponso anthu ouyankhulira pa nthaŵi ya mavuto.

Izi n'zimene Romeo ndi Juliet anasoŵa. Tsiku la ukwati lomwelo Tybalt, msuweni wa Juliet, anapha Mercutio, bwenzi la Romeo. Romeo anabwezera popha Tybalt, ndipo wolamulira mzindawo anamupirikitsa, iye nakakhala ku Mantua. Panalibe nkhoswe yoti ikauze akuluakulu kuti mnyamatayo anali kale mkamwini wa a Capulet. Bambo a Juliet, posadziŵa kuti mwana wawo ndi wokwatiwa, anamukakamiza kukwatiwa ndi Paris.

Chinsinsi chimodzi chinabala chinzake. Wansembe Laurence anapatsa Juliet mankhwala omugoneka ngati wakufa kwa maola 42, natumiza kalata yofotokozera Romeo. Wonyamula kalatayo anatsekeredwa m'nyumba chifukwa chomuganizira kuti watenga mliri, ndipo uthengawo sunafike. Romeo atamva za maliro anathamangira kumanda ndi kumwa poizoni. Juliet podzuka anapeza mwamuna wake atafa, ndipo anadzibaya ndi mpeni. Wansembeyo anayesa kukhala nkhoswe ya mbali zonse ziŵiri payekha, koma mutu umodzi susenza denga.

Komabe tisafulumire kudzudzula ana okhawo. Anabisa chikondi chawo chifukwa akuluakulu anali atatseka njira yoti ankhoswe adutsemo. Pamene makolo sapatsana moni, mwana angatume yani? Tikumbukirenso kuti Juliet anali asanakwanitse zaka 14 pamene bambo ake ankamukankhira kubanja. Kuno kwathu lamulo la maukwati la mu 2015 linakhazikitsa zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi.

Pomaliza pa seweroli a Montague ndi a Capulet anagwirana chanza, koma anatero ataima pambali pa mitembo ya ana awo. Inu makolo ndi eni mbumba amene muli ndi mkangano wa malire a munda kapena wa ufumu ndi banja lina, dzifunseni ngati mwana wanu angalimbe mtima kukutchulirani dzina la amene wamukonda. Ngati sangatero, yambani ndinu kukonza mlanduwo kudakali kowala.