Kompyuta ikasintha dzina, anzake amaitanabe lakale

Lolemba lina m'mawa ndinalandira foni kuchokera ku ofesi ina yaing'ono ku Lilongwe. "Achimwene, fikani msanga, printa yafa ndipo malipoti akufunika masana ano." Nditafika ndinapeza printayo ili bwinobwino, getsi lobiriwira likuyaka, mapepala ali m'malo mwake. Nditafunsafunsa ndinamva kuti Lachisanu madzulo mnyamata wina wa pa ofesipo anasintha dzina la kompyuta imene printayo inalumikizidwako. Linali dzina lija Windows imapereka yokha, loyamba ndi DESKTOP kenako zilembo ndi manambala osakanikirana, ndiye iye anaitcha AKAWUNTI. Sanalakwe, dzina lomveka limathandiza. Koma makompyuta ena onse ankafunabe printa kudzera pa dzina lakale lija, ndipo panalibe wovomera.

Ife a ntchitoyi dzina limeneli timalitcha hostname. Makina pa netiweki amapezana ndi manambala, adiresi ya IP, monga 192.168.1.20. Dzina anaikira ife anthu, poti manambala sakhalitsa m'mutu. Choncho pamafunika womasulira woti ukatchula dzina, akupatse nambala. Kale, pa ARPANET ku America, ntchitoyi inkagwiridwa ndi fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene gulu la Elizabeth Feinler linkasunga ku Stanford Research Institute, ndipo aliyense ankakopera kumeneko. Makina atachuluka, Paul Mockapetris anakonza womasulira watsopano wotchedwa DNS mu 1983. Komabe kafayilo ka hosts kaja sikanathe. Kali m'kompyuta yanu mpaka lero, ndipo kawirikawiri kompyuta imayamba yasuzumira mmenemo isanafunse DNS.

Ogwiritsa ntchito Ubuntu kapena Debian amakumana nako msanga. Munthu amalemba hostnamectl set-hostname ndi dzina latsopano, n'kuyesa kuti basi zatha. Lamuloli limasintha /etc/hostname koma silikhudza /etc/hosts, mmene muli mzere woyamba ndi 127.0.1.1 umene ukadali ndi dzina lakale. Akalemba sudo, kompyuta nthawi zina imazengereza kenako n'kudandaula kuti yalephera kupeza dzina lake lomwe. Ndaonapo anthu akufuna kufufuta zonse n'kuyambiranso chifukwa cha uthenga umenewu, pamene mankhwala ake n'kukonza mzere umodzi umenewo.

Posankha dzina, gwiritsani ntchito zilembo, manambala ndi kamzere kapakati basi. Mpata suloledwa, ŵ saloledwa, ngakhalenso kachizindikiro kathu kaja ka m'mawu ngati ng'oma. Pa Windows samalaninso kutalika kwake. DNS imalola zilembo 63, koma dzina la NetBIOS, limene Windows imagwiritsanso ntchito pa netiweki, limathera pa 15. Mukatcha makina awiri AKAWUNTI-LILONGWE-01 ndi AKAWUNTI-LILONGWE-02, onse adzadulidwa n'kukhala AKAWUNTI-LILONG, ndipo adzayamba kulimbirana dzina limodzi.

Pa seva ndimakonda kutsatira nzeru ya maufumu athu. Dzina la Gomani kapena Gawa Undi silitha mwini wake akamwalira. Wolowa m'malo amalitenga, ndipo anthu amadziwabe kokapereka nkhani zawo. Mu DNS mungathe kuika dzina la ntchito, monga mafayilo, n'kuliloza ku makina amene akugwira ntchitoyo lero. Timati CNAME. Tsiku losintha makinawo mumakonza pamalo amodzi, ena onse osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. Ofesi iliyonse yokhala ndi seva yakeyake ya DNS iyenera kuchita zimenezi kuyambira pachiyambi.

Ku ofesi kuja kunalibe seva yoteroyo, ndiye ndinayenda tebulo ndi tebulo. Pa kompyuta iliyonse ndinachotsa printa yakale n'kuiikanso pa dzina latsopano, ndinalumikizanso mafoda ogawana, ndipo ndinalemba ipconfig /flushdns kuti makinawo aiwale zimene anasunga. Printa itayamba kulira, mayi woyang'anira ofesiyo anati, "Zikomo bambo, basi tatha." Ndinawapempha kuti andilole ndione chinthu chimodzi chinanso.

Printa ikaima, aliyense amafuula. Pulogalamu yosunga makope a mafayilo usiku simafuula ayi. Ndinatsegula kaundula wake mayiwo ataimirira pambali panga, ndipo tinaona mizere itatu yofiira: Lachisanu, Loweruka, Lamlungu. Usiku uliwonse inkafunafuna foda pa dzina lakale lija, n'kulephera, n'kungolemba mwakachetechete. Manambala a Lachisanu a m'mabuku a malipiro a mwezi umenewo anali pa diski imodzi yokha. Ndinakonza dzinalo, ndinaiyambitsa pomwepo osadikira usiku, ndipo tonse awiri tinakhala pansi kuyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda mpaka kumapeto. Kenako ndinatsegula fayilo imodzi mwa makopewo kuti mayiwo aone ndi maso awo kuti manambala a Lachisanu alimo.