Wofuna kusiya mowa asamangidwe pa unyolo

NSADZO, Chifunde — Msika wa fodya ukatsekedwa, mabanja ambiri a ku posto ya Nsadzo amagula malata, njinga, mbuzi ndi zovala za ana. Koma pali makomo ena kumene ndalama za chaka chonse sizifika n'komwe. Zimathera m'mabaraka a m'mbali mwa msewu ndi kwa otcheza kachasu, ndipo pofika nyengo yososa mwini munda amakhala akunjenjemera manja, khasu silikugwirika. Kwina vuto limakhala la mnyamata amene wabwera kokumba golide atazolowera chamba, chimene ena amati suruma, ndipo wayamba kugulitsa katundu wa m'nyumba. Zikafika pamenepa mwini mbumba amaitana abale, ankhoswe amabwera, ndipo funso limakhala limodzi: munthuyu timpititse kuti?

Yankho limene limabwera msanga ndi lakuti akamusiye kwinakwake kumene akamusunge mpaka atasintha. Wina amatchula nyumba ya mapemphero imene anamva kuti imachiritsa zidakwa, wina sing'anga wa kutsidya kwa malire, wina malo olipira a kutauni. Kawirikawiri palibe amene amafunsa kuti malowo ali ndi chilolezo cha yani, akuyang'anira odwala anaphunzira chiyani, ndiponso chimachitika n'chiyani usiku chitseko chikatsekedwa. Komatu moyo wa munthu uja umadalira mayankho a mafunso amenewa.

Thandizo la boma lili patali

Boma la Chifunde lili kumpoto kwa chigawo cha Tete, ndipo ndi m'boma lomweli mmene muli chipata cha Cassacatiza, choyang'anizana ndi Chanida wa ku Zambia. Kuchokera kumalireko kufika mumzinda wa Tete, kumene kuli Hospital Provincial, ndi makilomita oposa 200. Zipatala zikuluzikulu za matenda a m'maganizo zili ku Infulene, mumzinda wa Maputo, ndi ku Nampula, maulendo amene mlimi wamba sangawaganizire n'komwe. Thandizo la mankhwala a methadone kwa ozolowera heroin linayambira ku Maputo mu 2020, mothandizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, limene linali litatsegula kale malo olandirira anthu otere ku Mafalala mu 2018. Bungwe lachikhristu la REMAR, lochokera ku Spain, nalo lakhala likusunga anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo m'dziko muno.

Chimene chili pafupi ndi anthu akumudzi ndi técnico de psiquiatria. Unduna wa Zaumoyo unayamba kuphunzitsa ogwira ntchito amenewa poona kuti madokotala a matenda a m'maganizo ndi ochepa kwambiri, ndipo gulu loyamba linamaliza maphunziro mu 1996. Pofika 2014 thandizoli linali litafalikira m'maboma onse a dziko lino. Técnico amayeza wodwala, amapereka mankhwala, amalangiza banja, ndipo amalemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu ngati vuto lakula. Koma alibe nyumba yosungiramo munthu miyezi itatu, ndipo n'chifukwa chake mabanja amayang'ana kwina.

Anthu a m'malire amawolokanso kupita ku Zambia ndi ku Malawi, kumene chiyankhulo ndi chimodzi ndipo abale ali mbali zonse. Ku Lusaka kuli chipatala cha Chainama Hills, ku Malawi kuli Zomba Mental Hospital ndi abale a St John of God, amene amathandiza ozolowera mowa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Awa ndi malo odziwika ndi maboma a maiko awo. Vuto lili pa malo osadziwika, amene mbiri yawo imangoyenda pakamwa.

Masiku atatu oyamba

Ambiri amaganiza kuti mankhwala a chidakwa ndi kuchimana mowa basi. Azachipatala amachenjeza kuti kwa munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, kusiya mwadzidzidzi popanda womuyang'anira kungamuphe. Ubongo wake umakhala utazolowera kugwira ntchito mowa uli m'magazi, ndipo mowawo ukachoka kamodzin'kamodzi, thupi limasokonezeka.

Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu. Kuyambira tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ena amafika pamene madokotala amati delirium tremens: amabwebweta, sazindikira abale, amaona njoka kapena tizilombo pamene palibe, thupi limatentha ndipo mtima umathamanga. Kumudzi zizindikiro zimenezi zimatengedwa ngati ziwanda zikutuluka kapena ngati ufiti, ndipo apa ndi pamene ena amamangidwa zingwe kumtengo, kumenyedwa kapena kusalitsidwa kudya. Chonsecho munthuyo amakhala akufunika chipatala msangamsanga. Kumeneko amamupatsa mankhwala monga diazepam mwa muyeso wake, vitamini B1 woteteza ubongo, ndi madzi okwanira, uku akumuyang'anira usana ndi usiku.

Choncho muyeso woyamba wa malo alionse osungirako ofuna kusiya mowa ndi wakuti munthu ayezedwe ndi wachipatala asanalowe, ndipo pakhale njira yothamangira naye kuchipatala zinthu zikavuta. Wosiya chamba sakhala pangozi yotere, ngakhale amakwiyakwiya ndi kusowa tulo kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma nayenso ayenera kuyezedwa, chifukwa nthawi zina kumbuyo kwa chambacho kumakhala matenda a m'maganizo ofuna mankhwala akeake.

Zimene zinachitika kwina

Malamulo a malo oterewa anabadwa chifukwa cha maliro. Mu Januwale 2012, moto unabuka m'nyumba ina yosungiramo ozolowera mankhwala mumzinda wa Lima, ku Peru, ndipo anthu oposa 25 anafa chifukwa zitseko zinali zokhomedwa. Nyumbayo inalibe chilolezo. Mu Januwale 2019 zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Guayaquil, m'dziko la Ecuador, kumene anthu 18 anafera m'moto ali otsekeredwa. Mu Seputembala chaka chomwecho, apolisi a ku Kaduna, ku Nigeria, anatulutsa amuna ndi anyamata pafupifupi 300 m'nyumba imene makolo ankaitenga ngati malo owongolera khalidwe. Ambiri anapezeka ndi maunyolo m'miyendo ndi zipsera za zikwapu.

Ku South Africa, kumene ana ambiri a chigawo chino amapita kukagwira ntchito, kunachitika nkhani ya Life Esidimeni. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng linasamutsa odwala matenda a m'maganizo kuchoka kuchipatala kupita ku timabungwe tosiyanasiyana pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi kusasamalidwa. Lipoti la Pulofesa Malegapuru Makgoba la mu Febuluwale 2017 linapeza kuti mabungwe 27 amene analandira odwalawo analibe zilolezo zoyenera. Amenewa sanali zidakwa, koma phunziro lake ndi lomwelo: munthu wosadziyankhulira yekha akaikidwa m'manja mwa anthu osaphunzira ntchito, kumalo kosayenderedwa, imfa imakhala pafupi.

Dziko lino nalo silinasiyidwe. Mu Okutobala 2020 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti losonyeza kuti m'maiko 60 anthu odwala m'maganizo amamangidwa maunyolo kapena kutsekeredwa, kunyumba kwawo, kwa asing'anga ndi m'nyumba za mapemphero. Moçambique anali limodzi mwa maiko amene ofufuzawo anafikako.

Malamulo akuti chiyani

Lamulo lalikulu la dziko lino la 2004, m'ndime 40, limati nzika iliyonse ili ndi ufulu wa moyo ndipo siyenera kuzunzidwa kapena kuchitidwa nkhanza. Kutsekera munthu popanda mphamvu ya lamulo ndi mlandu umene m'Chipwitikizi amati cárcere privado, ndipo chilolezo cha abale sichifafaniza mlanduwo ngati wotsekeredwayo ndi munthu wamkulu. Kuyambira 1991 lamulo limalola anthu wamba ndi mabungwe kutsegula malo othandizira odwala, koma pokhapokha atalandira chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo.

Lamulo nambala 3/97, la pa 13 Malichi 1997, ndilo linakhazikitsa Gabinete Central de Prevenção e Combate à Droga, imene ili ndi nthambi m'zigawo. Lamulo lomweli limaona kusuta chamba ngati mlandu, ndipo ichi chimachititsa mabanja ena mantha kupita kuchipatala, poganiza kuti mwana wawo akathera kupolisi. Mantha amenewa ndiwo amadyetsa malo obisika. Wachipatala ntchito yake ndi kuchiza, ndipo amayenera kusunga chinsinsi cha wodwala.

Pa nkhani ya mowa, maboma achita zambiri kumbali ya ogulitsa. Decreto 54/2013 inaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Zambia inaletsa timapaketi ta tujilijili mu 2012, Malawi inaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015. Koma kumbali ya amene agwidwa kale ndi chibaba, South Africa ndiyo inapita patsogolo ndi lamulo lake nambala 70 la 2008, limene limalamula kuti malo alionse osungirako ozolowera mowa ndi mankhwala alembetsedwe ku boma ndipo aziyenderedwa.

Mabungwe a WHO ndi UNODC anatulutsa miyeso ya dziko lonse ya chithandizo chotere mu 2016, n'kuikonzanso mu 2020. Mfundo zake ndi zosavuta kumva. Munthu alowe atavomera yekha, atauzidwa zimene zidzachitike, ndipo akhale ndi ufulu wotuluka. Kumenya, kumanga, kunyoza ndi kumana chakudya si chithandizo. Ogwira ntchito akhale ophunzitsidwa. Wodwala aliyense akhale ndi ndondomeko yakeyake yolembedwa. Amayi akhale ndi malo awoawo otetezeka, ndipo ana asasakanizidwe ndi akuluakulu. Miyesoyi imanenanso kuti ambiri angathandizidwe akugona kwawo, akumapita kuchipatala pa masiku oikika. Kugonekedwa kwa nthawi yaitali, kumene nthawi zambiri kumakhala miyezi itatu kapena kuposa, ndi kwa amene vuto lawo lakula kwambiri kapena alibe pokhala pabwino.

Safunsa anadya phula

Pamene oyendera a boma sangafike paliponse, oyendera oyamba ndi abale eni ake. Asanasiye munthu wawo, atsibweni kapena amalume ayenera kuona ndi maso chikalata cha chilolezo, n'kufunsa ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Chifunde, kapena ya boma limene kuli malowo, ngati akuwadziwa. Ayenera kufunsa kuti namwino kapena dokotala amabwera liti, ndipo chipatala chapafupi chili mtunda wotani. Alowe m'zipinda zogona, aone zimbudzi, madzi akumwa ndi chakudya, aonenso ngati chitseko chimatsegukira mkati moto utabuka. Afunse ngati wodwala amene amamwa ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu kapena a khunyu adzapitiriza kumwa, pakuti malo amene amalamula kutaya mankhwala a kuchipatala ndi malo oopsa. Ndalama zolipira zilembedwe papepala. Ngati odwala amalima kapena kuumba njerwa, adziwe kuti phindu lake limapita kwa yani, chifukwa ntchito imene imawongola munthu ndi yosiyana ndi thangata. Chachikulu pa zonse: abale aloledwe kudzaona munthu wawo ndi kucheza naye paokha. Malo amene amakana alendo ali ndi chimene akubisa.

Zimenezi sizikutanthauza kuti mapemphero kapena asing'anga alibe gawo. Anthu ambiri amene anasiya mowa amanena kuti mpingo ndi umene unawagwira dzanja. Bungwe la asing'anga la AMETRAMO lakhala likugwira ntchito ndi azaumoyo potumiza odwala kuchipatala. M'busa kapena sing'anga amene aona munthu akunjenjemera ndi kubwebweta n'kunena kuti uyu ayambe wapita kuchipatala, ameneyo wapulumutsa moyo.

Pobwerera kumudzi

Ngakhale malo abwino kwambiri samaliza ntchito. Munthu akabwerera ku Nsadzo amapeza baraka ili pomwe anaisiya, anzake akumwa omwe aja, maliro ndi maukwati zili ndi mowa monga kale. Madokotala amaona uchidakwa ngati matenda okhalitsa, ofanana ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amene amatha kubwereranso. Wobwerera ku mowa sanalephere kotheratu, koma afunika kubwereranso kwa técnico msanga, asanafike pamene anali kale. Banja lingathandize pogwirizana za wosunga ndalama za fodya, pomupezera chochita, ndi posamunyoza pagulu.

Mafumu, alembi a m'midzi ndi atsogoleri a mipingo ali ndi udindo wodziwa nyumba iliyonse ya m'dera lawo imene ikusunga anthu m'dzina la kuchiritsa, ndi kudziwitsa a zaumoyo kapena apolisi akamva za unyolo ndi zikwapu. Akuluakulu a chigawo nawo angathandize kwambiri atasindikiza mndandanda wa malo ovomerezeka n'kuupachika pa chipatala chilichonse, m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, kuti banja la ku Nsadzo likakhala pansi kukambirana za mwana wawo, lidziwe khomo loyenera kugogoda.