Dokotala amene anaonetsa kuti chithokomiro si vuto la pakhosi pokha

Tikaona munthu wotupa pakhosi timangoti ndi chithokomiro, nkhani n'kuthera pomwepo. Dokotala wa ku Australia, Basil Hetzel, yemwe anamwalira mu 2017, sanalekere pamenepo.

Kuyambira mu 1966, iye ndi anzake anachita kafukufuku m'chigwa cha Jimi ku Papua New Guinea, komwe ana ambiri ankabadwa osamva, osalankhula komanso ozerezeka. Amayi ena anawabaya jakisoni wa mafuta a ayodini, ena wa madzi amchere chabe. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu The Lancet mu 1971, zinaonetsa kuti mayi akalandira ayodini asanatenge pathupi, mwana amapulumuka ku ulumaliwu.

Chifukwa chake n'chakuti chithokomiro chimagwiritsa ntchito ayodini popanga mahomoni okulitsa ubongo wa mwana ali m'mimba. Akasowa nthawi imeneyo, zawonongekazo sizikonzekanso. N'chifukwa chake bungwe la WHO limati mayi woyembekezera azipeza mamaikulogalamu 250 patsiku, pomwe wamkulu aliyense amafunika 150.

Kwathu kuno chitetezo chili mumchere. Pogula, onani ngati paketi yalembedwa kuti muli ayodini, ndipo musunge m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi.