Namzeze wa ku Nyika amene amamanga chisa kudzenje

Ife akunyanja namzeze timamudziwa. Amaumba kachisa kake ka matope pakhonde pathu kapena pansi pa mlatho. Koma ali ndi m'bale wake amene ambirife sitinamuonepo, chifukwa iye saikira mazira kuno kotentha. Kwawo ndi kumapiri a udzu ndi nkhungu, monga ku Nyika ndi ku Mulanje. Ndi wakuda mobiriwira, wonyezimira padzuwa, ndipo wamphongo ali ndi nthenga ziwiri zazitali kumchira ngati timawaya. Akatswiri amamutcha Hirundo atrocaerulea.

Mbalameyi imafika kumapiriko cha mu Seputembala ndi Okutobala, mvula ikuyandikira. Ikamakwana Epulo imanyamuka ulendo wa kumpoto, kukakhala m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Victoria, ku Uganda ndi ku Kenya. Chaka chinacho, ndi iyo yabwerera, kawirikawiri pamalo omwe aja.

Chodabwitsa n'chakuti chisa chake sichikhala mumtengo ayi. Imafuna dzenje: pamene nthaka inatitimira, m'mphepete mwa kamtsinje mokumbika ndi madzi, kapena una wosiyidwa ndi nyama ija yokumba zulu usiku kufuna chiswe. M'menemo imamata matope osakaniza ndi udzu, n'kuyalamo timaudzu tofewa ndi nthenga. Yaikazi imaikira mazira awiri kapena atatu, n'kuwafungatira pafupifupi masabata awiri. Ana amatha masabata atatu ndi masiku angapo ali m'chisa, makolo onse awiri akuwadyetsa tizilombo togwira m'malere, chouluka motsika pamwamba pa udzu. Mvula ya mvumbi ikachita masiku, tizilombo sitiuluka, ndiye ana ena amafa ndi njala.

Lero namzezeyu ali m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo, ndipo Nyika ndi amodzi mwa malo ochepa kumene akuswanabe ambiri. Mdani wake si legeni kwenikweni, koma kutha kwa udzu. M'madera ambiri mapiri a udzu anabzalidwa paini ndi bulugama, kwina analimidwa. Mitengo ikatseka, iye alibenso posakira chakudya. Paja timangoti phiri lililonse lopanda mitengo n'lowonongeka. Si zoona nthawi zonse. Mapiri ena chilengedwere ndi a udzu, ndipo udzuwo uli ndi ntchito yake.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife a ngalawa ndi makasu zikutikhudza pati? Tiyeni titsate madzi. Udzu wa ku Nyika umagwira mvula ngati thonje, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono. Mtsinje wa North Rukuru umayambira komweko n'kukathira m'nyanja ku Karonga, ndipo mpasa umakwera mtsinjewu kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Kumtunda kukakhala mbee, madzi amatsika ndi matope, timiyala tija n'kukwiririka, mazira n'kufa. Abale a ku Nkhotakota akudziwa kuti mpasa wa mu Bua umafunanso madzi oyera omwewo.

Choncho tisanayatse tchire mu Okutobala pofuna mbewa, tisanalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tiyambe taganiza. Mitengo tibzale pamene panali mitengo, udzu wa kumtunda ndi wa m'madambo tiusiye. Udzu umene ukusunga chisa cha kambalame kaja ndi womwewo ukusunga ndiwo za ana athu.